Funso Limene Linathamangitsa Madamu Kaonga

Olemekezeka bwana oimira ofesi ya maphunziro m'boma lathu la Karonga. Olemekezeka a Gogo Chalo pamodzi ndi mafumu onse amene mwawaperekeza. Abusa a mipingo yosiyanasiyana ndi a shehe athu. Aphunzitsi aakulu, a Reginald Kayuni, ndi aphunzitsi onse a pasukulu pano. Apampando a komiti ndi mamembala anu. Makolo amene mwasiya mpunga m'minda kuti mudzakhale nafe. Alendo ochokera ku Hara, ku Vinthukutu ndi ku Mwenilondo. Ndi inu ophunzira, amene dzuwa lakhala likukuwambani kuyambira m'mawa: monire mose, mwaghona.

Ndiyankhula m'Chichewa chifukwa tili ndi alendo, komanso chifukwa sindikufuna kuti mawa papezeke munthu wonena kuti sanamve.

Ine ndine Yunike Mwalughali, mwana wa malemu a Yotamu Mwalughali, amene anali apampando a komiti ya sukulu ino kwa zaka zambiri. Ndinaphunzira pompano, m'kalasi ya mawindo osweka ili apoyo. Lero ndimagwira ntchito ku South Africa, kumene timagwiritsa ntchito madishi akuluakulu pomvetsera zimene zikuchokera mumlengalenga. Ndikuthokoza amayi amene anatunga madzi, abambo amene anaumba njerwa, ndi anzanga akuntchito amene apereka telesikopu, makina oonera nyenyezi, kuti chipinda cha sayansi chimene tikutsegulachi chisakhale chipupa chabe.

Mawu okoma amene ndinakonza athera pamenepo. Pepala ili ndikulipinda, chifukwa zimene ndamva kuti zachitika pachipata m'mawa uno zandichotsa ulemu wina umene ndinabwera nawo. A MC, khalani pansi. Nthawi ndikuidziwa.

M'chaka cha 2009 ndinali mu Fomu 2, ndipo sayansi ankatiphunzitsa ndi Madamu Fainess Kaonga, mayi wamfupi, woyenda mofulumira, wa choko m'tsitsi nthawi zonse. Tsiku lina masana analowa m'kalasi atanyamula mbale ya mpunga wosaphika. Tinaseka. Mnyamata wina kumbuyo anakuwa kuti, "Madamu, ndiwo zili kuti?"

Iwo sanaseke. Anatola kambewu kamodzi n'kunena kuti, "Ili ndi dzuwa lathu. Nyenyezi iliyonse imene mumaiona ndi dzuwanso, kungoti ili kutali. Mumlalang'amba wathu wokhawu, nyenyezi iliyonse itakhala kambewu kamodzi ka mpunga, mungadzaze matumba oposa zikwi makumi anayi. Ndipo milalang'amba ilipo yosawerengeka. Tsono ndikufunseni: ngati madzuwa ndi ochuluka chonchi, ndipo ambiri ali ndi maiko owazungulira, anzathu ali kuti? Bwanji kumwambaku kuli zii?"

Kenako anatipatsa mayankho atatu amene akatswiri amakangana nawo, ndipo ndikuwakumbukira ngati dzulo. Loyamba, mwina tilipo tokha, m'chinyumba chachikulu chopanda mwini wina. Lachiwiri, mwina analipo ambiri, koma mtundu uliwonse ukafika pochenjera ngati ife umadzimaliza wokha ndi nzeru zake zomwe, usanathe n'komwe kupereka moni kwa anansi. Lachitatu anachita kutsitsa mawu. Anati, "Mwina alipo, akutimva, koma akhala chete dala, monga mbalame zimachitira kabawi akamazungulira. Ndipo ife tokha ndi amene tikusokosera."

Olemekezeka, ndinali mwana wa zaka khumi ndi zisanu. Ndinachita mantha, koma anali mantha okoma, mantha okufutukula mutu. Nditafika kunyumba ndinawafotokozera bambo anga zonse, mawu ndi mawu, ndikuyesa kuti anyadira. Anangofunsa kuti, "Wakuuza zimenezi ndani?" Ine n'kutchula dzina.

Madamu anali ndi telesikopu yawoyawo, imene anapanga ndi paipi ya madzi ndi magalasi awiri ogula ku Mzuzu. Dzuwa likangolowa ankaiimika pabwalo la mpira, ife n'kumaona mapiri a pamwezi tisanapite kwathu. Anthu odutsa ankaima, n'kumanong'onezana. Zinathera pa manong'onong'o mpaka mwezi wa Disembala, pamene chivomezi chinagwedeza boma lino. Nonse akuluakulu mukukumbukira. Nyumba zinang'aluka, tinagona panja masabata, mvula ikutinyowetsa, nthaka ikunjenjemerabe. Anthu anali ndi mantha, ndipo mantha a munthu wamkulu amafuna pogwira.

Anagwira Madamu Kaonga. Mphekesera inayenda kuti mayi uja amayankhula ndi zilombo za kumwamba kudzera m'paipi yake, ndipo ndi zimenezo zikugwedeza dziko. Komiti inaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango uwo, umene mwaimikapo magalimoto. Anthu anadzaza mpaka kumsewu. Bambo anga anaimirira n'kundiitana.

"Yunike, bwera kuno. Kodi aphunzitsi awa anakuuzani kuti kumwamba kuli zamoyo zimene zikutimvetsera?"

Ndinayang'ana Madamu. Anali atakhala pa benchi, manja ali pamiyendo. Ndinkadziwa kuti ananena kuti "mwina". Ndinkadziwa kuti linali funso, osati uthenga. Koma maso a anthu onse anali pa ine, ndipo ndinayankha kuti, "Inde, anatero."

Madamu anayesa kuyankhula. Anati, "Abale anga, chivomezi chimachokera pansi, osati kumwamba. Dera lathu lino lili pa mng'alu wa nthaka, ndipo..." Sanamalize. Bambo wina anakuwa kuti, "Mwamva? Akudziwa kumene chikuchokera!" Anyamata anathamangira kunyumba kwawo. Paipi ija anaithyolathyola, mabuku anawatentha, mbuzi zawo ziwiri anazigawana. Pamene miyala inayamba kuuluka, amene anaima kutsogolo kwa Madamu sanali mbale wawo, sanali wa mpingo wawo, sanalinso mphunzitsi mnzawo. Anali a Amini, bambo wa ku Mangochi amene anali ndi golosale pasiteji. Anatambasula manja n'kunena kuti, "Woponya mwala ayambe ine. Mayi uyu waphunzitsa ana anu." Anawalowetsa m'golosale, anakhoma chitseko, ndipo madzulo ake anawakweza lole ya mpunga yopita ku Mzuzu. A Amini, ndakuonani muli kumbuyo uko. Imirirani anthu akuoneni. Ayi, musawaombere m'manja mofooka choncho. Tsiku lija mawu munali nawo.

Chivomezi sichinasiye chifukwa Madamu achoka. Chinagwedezanso, ndipo palibe amene anapita kukapepesa. Kalasi yathu inakhala chaka chathunthu yopanda mphunzitsi wa sayansi. Mwa ana makumi asanu ndi mmodzi, tinakhoza phunzirolo tinali atatu. Enawo ali pompano, ena ndi makolo a ana awa, ndipo mukawafunsa adzakuuzani kuti sayansi ndi yovuta. Si yovuta ayi. Munawalanda mphunzitsi.

Ine ndinapitirira ndi sukulu, ndipo ndikuuzeni zoona: funso lija ndi limene linandikoka mpaka kumene ndili. Anthu akhala akundiombera m'manja m'maiko a eni chifukwa cha funso la mayi amene ndinamupereka ndi pakamwa panga. Bambo anga anamwalira asanatchulenso dzina lake. Ndimawakonda bambo anga, anandilipirira sukulu ena akuti mwana wamkazi akwatiwe, koma pa nkhani iyi analakwa, ndipo ine ndinalakwa nawo.

Chaka chatha ndinawafufuza Madamu. Ndinawapeza ku Chilumba, pakhonde la sitolo, akusoka mayunifolomu. Uphunzitsi anausiya kalekale, chifukwa kulikonse kumene ankawatumiza, mbiri inkafika iwo asanafike. Ndinagwada pa simenti n'kudzitchula dzina. Anandiyang'ana nthawi yaitali, phazi lili pa makina.

Anati, "Ndakuzindikira. Unkakhala kutsogolo, kumanzere."

Ndinati, "Madamu, ndabwera kudzapepesa."

Anati, "Ndamva. Tsono kumeneko ku madishi ako, mwamva kalikonse?"

Ndinati, "Ayi, Madamu. Kudakali zii."

Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Musafulumire kutaya mtima. Munthu satunga kapu imodzi m'nyanja n'kulengeza kuti mulibe nsomba. Komanso kumbukira kuti kuwala kumatenga nthawi. Wina amene ali kutali kwambiri akayang'ana kuno lero, sakuona iwe ndi ine. Akuona chinyama chachikulu chamakedzana chija mafupa ake anafukulidwa n'kusungidwa ku boma, chikudya masamba. Kwa iye, anthu sanabadwe." Atatero anapitiriza kusoka kolala.

Mayi ameneyo, amene nzeru zake zinakakhala pakhonde zaka khumi ndi zisanu, ndinamupempha kuti abwere lero. Anakana kawiri. Kachitatu anavomera, ndipo anati adzabwera yekha pa minibasi. M'mawa uno wafika pachipata atavala chitenje chake chabwino. Ine ndinali m'ofesi, mukundipatsa tiyi. Mmodzi wa akomiti, amene sindimutchula dzina ngakhale ndikumuona akuwerama, wawauza kuti, "Amayi, m'tenti ndi mwa alendo oitanidwa. Inu pitani uko kuli azimayi ophika." Ndipo Madamu atadzitchula dzina, ayankhidwa kuti, "Tikukudziwani. Musatiyambitsirenso zakale."

Zakale! Mwatcha zakale? Mayi akadali moyo, mabala akadali nawo, ena amene munaponya miyala mwakhala pamipando ya pulasitiki mumthunzi, botolo la madzi lili m'manja, ndipo mukuti zakale? Mwalemba dzina langa pa mwala wa pakhoma ndi zilembo zagolide, ine amene ndinanama pansi pa mango, koma mwini funso mwamutumiza ku utsi!

Ndipo musandiuze kuti tinasintha. Aphunzitsi aakulu andiuza okha kuti teremu yathayi, mtsikana wa Fomu 3, Leticia, anafunsa m'kalasi ngati kumaiko a mumlengalenga kungakhale zamoyo, ndipo sabata yotsatira makolo anayi anabwera kudzadandaula kuti ana akuphunzitsidwa zausatana. Musandiuze kuti tinasintha pamene m'midzi yathu nkhalamba zikugonabe ndi mantha mwana wa mnansi akangotentha thupi. Timaopa zilombo za kumwamba zimene palibe anazionapo, chonsecho amene anathyola chitseko cha Madamu anali anthu obatizidwa, odziwika maina, oti tinkadyera nawo limodzi.

Abusa ndi a shehe, ndikulankhula ndi inu mwaulemu wonse. Ine ndimapemphera. Sindinaonepo kuti Mulungu wachepa chifukwa mwana wafunsa kukula kwa chilengedwe chake. Amene amachepa ndi ife. Mafumu anga, mawu anu ndi amene amaimitsa gulu kapena kulimasula. Tsiku lija munakhala chete. Makolo, mwana akabwera kunyumba ndi funso lokuopsani, musafunse kuti wamuuza ndani. Mufunseni kuti iye akuganiza bwanji.

Ndipo inu ophunzira, mverani. Telesikopu ili m'chipindamo siidzakuonetsani zilombo. Idzakuonetsani miyezi inayi ikuzungulira dziko la Jupita, ndi nyenyezi zochuluka mpaka mutu kuzungulira. Mudzachita mantha pang'ono, mudzadziona kuchepa, ndipo zimenezo si matenda. Mayankho atatu aja mpaka lero palibe akudziwa loona ndi liti, ngakhale ife a madishi. Mwina adzalipeza ndi mmodzi wa inu. Koma tsiku lina gulu likadzakuimikani pakati kuti muvomereze bodza, mudzakumbukire kuti "inde" wanga anali mawu amodzi okha, ndipo ndakhala ndikumusenza theka la moyo wanga.

Tsopano, bwana oimira ofesi ya maphunziro, mundikhululukire, ndiphwanya ndondomeko. Riboni iyi sindidula ine. Leticia, uli kuti? Pita kukhitchini uko, ukawagwire dzanja Madamu Kaonga, ubwere nawo kuno. Tidikira. Amene akuona kuti nthawi yatha, msewu ndi uwo.

Apatseni njira. Abambo inu, sunthani mpando. Ayi, asakhale kumapeto. Akhale apa, pampando wanga, umene mwauyala nsalu yoyera. Ine ndiima.

Madamu, pamaso pa mafumu, pamaso pa anthu amene anamva bodza langa, ndikubweza mawu anga. Simunanene kuti kumwamba kuli zilombo zotimvetsera. Munatifunsa funso, ndipo munati "mwina". Ndinanama chifukwa cha mantha. Ku Chilumba simunandiuze kuti mwandikhululukira, ndipo lero sindikukupemphani kuti munene pagulu. Zimenezo ndi zanu. Sizasi yodulira riboni ndi iyi.

Mukuti bwanji, Madamu? Akuti ndisiye kulira, ndikuchedwetsa ana kulowa.

Choncho, olemekezeka nonse, mwala wa pakhomawo uchotsedwe sabata ino, ndipo ulembedwenso. Ndi mphamvu zimene mwandipatsa monga mlendo wanu, ndi dzanja la mwini wake limene ladula riboni, ndikulengeza kuti Chipinda cha Sayansi cha Fainess Kaonga chatsegulidwa kuyambira lero. Ana alowe poyamba. Akuluakulu mudikire panja.

Yewo, ndagha, zikomo kwambiri.