Tsamba Lomaliza Anapichira Fodya

Pa siteji ya ku Chulu galimoto inkachedwa kudzaza. Bambo wina wa manja akuda ndi utomoni wa fodya anasendera kwa mayi amene anafungatira buku lonenepa.

"Mayi, ngati mwamaliza bukulo, ndigawireniko tsamba limodzi ndipichire chingambwe."

"Inu ndi amene mumatipweteka! Ndimamaliza buku limodzi sabata iliyonse. La sabata yatha linali la amatsenga olongolola, linkandigonetsa tulo. Koma ili ndiye landigwira mtima, ndipo tsamba lomaliza wina anapichira kale fodya."

"Pepani. Likukamba za chiyani?"

"Za mtsikana wokwera chinjoka cha mapiko."

"Si ufiti umenewo?"

"Ayi, ndi nkhani yongopeka. Anathawa njala kwawo n'kukagwira ntchito kwa eni dziko. Zaka zisanu ndi ziwiri akulakalaka kubwerera. Pamene wanyamuka, tsamba palibe. Sindinagone nazo."

"Zisanu ndi ziwiri? Ngati ine pa esiteti. Kwathu n'ku Phalombe."

"Ndiye mukuganiza kuti anafika?"

"Anafika, mayi, mtima ukhale pansi. Ine wopanda mapikone, fodya akangogulidwa chaka chino ndikupita kwathu. Nanga wa chinjokayo angalephere bwanji?"