Anagunda Mayi Angela Ndani?

Bambo Reinford, amene anayendetsa mabwana a ku Capital Hill zaka makumi atatu osaponda ngakhale nkhuku, anagunda akazi awo, Mayi Angela, Lachiwiri madzulo. Lachitatu m'mawa anali kale pa galaja ya Mudathir ku Area 1, wokonza mawaya a galimoto uja amene chimene wamufunsa ndi chomwecho amayankha, osathirako ngakhale kamchere.

"Undilembere kalata," anatero a Reinford akugogoda boneti. "Ya chidindo. Yonena kuti ine ndilibe mlandu."

"Mlandu wanji, bambo?"

"Mayi Angela akuti sindikuonanso. Akuti ndikapanda kubweretsa umboni lero, makiyi apita kwa mkamwini wanga Felton. Felton! Munthu woimitsa galimoto ndi pemphero!"

"Ndiye mupite kwa dokotala wa maso."

"Maso anga ali bwinobwino!" Analoza batire lomwe linali kukona n'kuwerenga timalemba take tonse, osaphonya. "Waona? Vuto ndi magetsi a mumsewu. Awachepetsa mphamvu. Kale msewu wa ku Area 15 unkawala moti singano umatola. Pano akungofiira ngati ndudu."

"Magetsi a mumsewu sindikonza. Ndilibe makwerero."

"Ndani wanena zokonza? Iwe ungolemba!"

Mudathir anazungulira galimotoyo n'kugwada pa bampala. "Mwagunda chiyani?"

"Sindinagunde. Ndinakhudza."

"Mwakhudza chiyani?"

A Reinford anatsokomola. "Mayi akunyumba."

Sipanala inagwa pansi. "Ali moyo?"

"Akanapanda kukhala moyo bwenzi akufuna makiyi? Bondo latupa basi. Amachokera ku kwaya, atavala chitenje chakuda, akudumpha msewu pakona ya kwathu pomwe." Mawu awo anatsika pang'ono. "Koma ndinachita mantha, Mudathir. Akanaponya phazi limodzi kutsogolo, bwenzi pakhomo panga pali tenti lero."

"Pepani, bambo."

"Usandipepese, lemba! Ngakhale iwowo akuvomera kuti galimoto sanaione ikubwera. Wamva? Umboni ndi umenewo. Mdima!"

"Galimoto yoyaka nyali sanaione?"

"Yoyaka timagetsi take."

"Titi?"

"Tapansito. Ta paking'i."

Mudathir anatsegula boneti, nachotsa babu la nyali yaikulu n'kuliyang'ana pa dzuwa. Linali mbuu, loyera ngati lochokera m'katoni.

"Mababuwa munasintha liti?"

"Sindinasinthepo!" Chifuwa chinatukuka. "Zaka zisanu ndi chimodzi, ngakhale limodzi silinapse. Kusamala galimoto n'kumeneko. Zimenezonso ulembe."

"Ndilemba."

Anabwezera babulo, nalowa m'galimoto, naliza injini, nagwira swichi ya nyali. Swichi inakana. Anaigwira ndi manja awiri, kuluma mano, mpaka inalira *khwee*, ndipo kangaude anatulukamo akuthawa ndi banja lake lonse. Khoma la galaja linangoti ngwee.

"Zimitsa!" anakuwa a Reinford akudumpha. "Batire, iwe! Batire!"

"Injini ikamalira batire limadzaza lokha, bambo."

"Ukundiphunzitsa ine? Ndinayamba chiwongolero iwe usanabadwe! Mutauni munthu sayatsa nyali zazikulu. Eni msewu ayatsa kale, iwe uyatsirenji? Nyali zazikulu n'za ulendo wa ku Dedza."

"Ku Dedza munapita liti usiku?"

"Sindiyenda usiku kutali. Ndine munthu wosamala."

"Ndiye sizinayakepo."

"Ndiye n'zatsopano! Ukuvutika kumva chiyani? Wolakwa ndi amene anachepetsa magetsi osandiuza. Kapena ukuti ndikunama?"

"Ayi, awachepetsadi. Inenso ndimadutsa komweko. Munthu wovala zakuda umamuona wafika kale pa bampala."

"Eyaaa! Tsopano ukulankhula!"

"N'chifukwa chake tonse timayatsa."

"Tonse?"

"Ndi akabaza omwe. Wina amamangirira tochi pachipewa."

Koma abale, munthu wouma mutu ndi wouma mutu ndithu. A Reinford anakoka mpando, nasolola bolopeni m'thumba mwawo, n'kumukankhira Mudathir pepala.

"Za akabaza zisiye. Lemba zoona zokhazokha. Maso."

"Ali bwino. Ndaona mukuwerenga."

"Magetsi a mumsewu."

"Achepa mphamvu."

"Nyali za galimoto."

"Zilibe vuto."

"Basi! Dinda!"

Mudathir analemba pang'onopang'ono, lilime lili panja, nadinda chidindo *phaa*, kenako nawerenga mokweza ngati mlaliki:

"Kwa Mayi Angela. Maso a bambo ali bwino. Magetsi a mumsewu achepadi mphamvu. Nyali za galimoto zilibe vuto, pakuti kwa zaka zisanu ndi chimodzi sizinayatsidwepo."

"Mzere womalizawo ufufute."

"Munati ndilembe."

"Ndinati ulembe kuti sizinapse!"

"Chosayaka chipsa bwanji, bambo? Ndangofotokoza kuti mayi asasokonezeke."

A Reinford anakhala pampando paja. Anavula chipewa n'kuchitembenuzatembenuza.

"Mudathir, mayi ajatu madzulo alionse tikamachokera kutchalitchi amandifunsa kuti, 'Bambo, nyali mwayatsa?'"

"Inu mumati chiyani?"

"Ndimati, 'Ndayatsa kalekale, koma maso anuwo mukapimitse.'"

"Anakapimitsa?"

"Kawiri. Magalasi amene amavalawo n'chifukwa cha ine."

Mudathir anapinda kalata ija bwinobwino n'kuwapatsa ndi manja awiri. "Ndiye asangalala kumva kuti maso awo analibe vuto."

A Reinford anaiyang'ana kalatayo, nayang'ana khoma lomwe linali likuwalabe, nayang'ana makiyi. Kenako anadzuka, nakawazula okha m'galimoto n'kuwaika pa tebulo.

"Muimbire Felton adzatenge galimoto," anatero motsitsa mawu. "Ndipo ing'ambe iyi. Lemba kuti ndi maso."