Chakudya cha Chikondi, Miyala mu Ndulu

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya! Ine ndine Esinati, wa ku Sadzi konkuno.

Ambiri mukundidziwa. Ndinkakwera phiri la Zomba m'mamawa, n'kutsika ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Ndinali ndi mphamvu ine! Kenako ndinayamba kutsegula m'mimba, magazi okhaokha. Tsiku limodzi kuchimbudzi kasanu, kakhumi. Adokotala anati ndili ndi zilonda m'matumbo, matenda osatheratu.

Ndinaonda, abale. Ndinaonda! Chitenje ndinkachizunguliza kawiri. Pamjigo anayamba kunong'ona kuti, "Ajatu ali ndi kachilombo." Ndinayezetsa, ndinalibe. Koma ndani akanandimvera?

Amuna anga, bambo a Chisomo, zinawawawa. Anati, "Mayi a Chisomo, tikunenepetsani, anthuwa achite manyazi." Ankabwera ndi tchipisi, nkhumba ya pachiwaya, mandasi onona mafuta. Ankakhala pambali panga mpaka nditamaliza.

Ndikangodya, ululu unkandibaya kumanja, pansi pa nthiti, mpaka kuphewa. Ndinkati ndi matumbo omwe aja. Ndinabisa. Ndinkaluma chitenje kuti asamve kubuula, poti munthu wachivutikira chakudyacho. Miyezi ikupita, ine ndikudya, ine ndikulira.

Lamulungu lina ndinagwa pakhomo, ndikusanza, thupi lili moto, maso achikasu. Chisomo, mwana wanga wamkazi, anandiyang'ana n'kukuwa. Ndinati, "Ambuye, ameneyu ndimusiyira ndani?"

Kuchipatala anandiunika. Adokotala anati, "Mayi, ndulu yanu yadzaza miyala. Anthu a zilonda za m'matumbo, miyalayi imatha kuwapeza. Zamafuta zija n'zimene zinkadzutsa ululuwo. Ululu wachilendo musamauyese wakale. Mukanachedwa, bwenzi tikunena zina." Amuna anga anangoti khwinthi pansi, manja kumutu.

Anandichita opaleshoni, ndulu anachotsa. Ndinadzuka, abale! Ndinadzuka!

Lero zilonda zija zilipobe. Mankhwala ndimamwabe. Phiri sindikweranso, ndimagulitsa tomato pakhomo. Kunenepa sindinanenepe. Koma ndili moyo, ndipo ndikuthokoza Mulungu.

Pempho langa ndi limodzi. Muwapempherere amuna anga. Ndinawauza kuti sanalakwe, anachita mwachikondi, wobisa ululu ndinali ine. Samva. Mpaka lero ndikamadya, iwo amasiya kudya, n'kumangondiyang'ana kumaso. Ine bala langa linapola, abale. Lawo silinapole. Ameni.