Mayi Tabeth Kalipinde, Mayi wa Kalabu ya Tionane

Malemu mayi Tabeth Kalipinde, omwe ambiri a inu munkawaitana ndi mfunda wawo kuti a Nasakala, anabadwa pa 3 Malichi 1969 ku Kapondo, m'boma lathu lino la Mchinji. Anali achiwiri kubadwa mwa ana asanu ndi mmodzi a bambo ndi mayi Sakala. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo Jobson, wopondana nawo. Ngati mawu angandithawe panjira, anamalira mundikhululukire.

Sukulu anayambira kwathu ku Kapondo m'chaka cha 1976. Anali ndi mutu wakuthwa, ndipo mu 1984 anasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana ku Ludzi. M'mudzi mwathu monse, mtsikana amene anasankhidwa chaka chimenecho anali iwo okha. Anakhoza mayeso a JC mu 1986, koma Fomu 3 sanailowe. Mayi athu anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo malemuwa anabwerera kumudzi kudzawasamalira komanso kudzalera ife azing'ono awo. Ine ndinamaliza sukulu chifukwa iwo anasiya yawo. Sanandikumbutsepo zimenezi ngakhale tsiku limodzi.

Ali ku Ludzi anaphunzirako kusoka kwa masisitere. Mayi athu atatisiya mu 1989, malemu anatenga makina awo osokera n'kukakhala pakhonde la sitolo ina pa Boma. Pakhonde pomwepo ndi pamene anadziwana ndi bambo Greyson Kalipinde, dalaivala wa mathiraki opita ku Zambia. Bambowa anabwera ndi ovolosi yong'ambika. Patatha sabata anabweranso nayo itang'ambika pena. Ulendo wachitatu malemu anawafunsa kuti, "Kodi ovolosiyi ikung'ambika yokha, kapena pali mawu?" Mawu analipodi. Anadalitsa ukwati wawo m'tchalitchi cha Katolika pa 22 Seputembala 1990, n'kudzamanga pano kwa Mlonyeni, pakhomo pamene takhala leropa. Mulungu anawapatsa ana atatu: Wilson, Phoebe ndi mzime wawo Millicent.

Pa 17 Novembala 2004 thiraki ya bambo Kalipinde inagubuduzika m'mapiri a ku Luangwa, ndipo bambowa anafera pomwepo. Malemu anatsala wamasiye ali ndi zaka 35, Millicent ali ndi zaka zitatu zokha. Anzawo a bambowa anabweretsa chikwama chawo, ndipo mkati mwake munali kamera yaing'ono ya filimu imene anagula ku Lusaka. Kwa chaka chathunthu malemu sanaikhudze kamerayo. Kenaka tsiku lina anakwera basi kupita ku Lilongwe kuti akatsukitse zimene amuna awo anajambula. Mwini situdiyo ataiyang'ana anati, "Mayi, filimuyi sinathe. Mwatsala malo 17. Kamalizeni kaye, musaiwononge." Anawaonetsa poyang'anira ndi podina, ndipo iwo anabwerera nayo kuno. Anajambula ana awo, nkhuku, makina osokera, ngakhale ine ndikulima. Zitatsukidwa, zambiri mwa zawozo zinatuluka zodula mitu. Koma pakati pa zithunzi za misewu ndi milatho zimene amuna awo anajambula, anapezapo chimodzi cha iwo eni akuyanika zovala kuseri kwa nyumbayi, osadziwa n'komwe kuti akujambulidwa. Anandiuza kuti m'basi monse pobwerera ankalira. Kuyambira pamenepo kamera sinachokenso m'manja mwawo.

Mu Epulo 2010 anakumana ndi anthu ena atatu okonda zojambula: aphunzitsi a Levi Mtsiliza, mayi Esitele Chadza amene amachita geni ya zitenje pakati pa kuno ndi ku Chipata, ndiponso a Rabson Kanyemba, dalaivala amene ankayenda ndi malemu bambo Kalipinde. Anthu anayiwa anayambitsa Kalabu ya Tionane. Panalibe ofesi, panalibe wolipidwa. Ankakumana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse pakhonde ilo, malemu akakankhira makina osokera pambali. Poyamba kamera yabwino inali imodzi yokha, ndipo inkazungulira, aliyense sabata yake. Ankasankha mutu wa mwezi, mwina msika, mwina mvula, mwina manja a anthu pantchito. Pobwera, aliyense ankapanika zithunzi zake ndi mapegi pachingwe choyanikira zovala, ndiye mkangano unkayambika. Anansi athu mukukumbukira phokoso lake. A Levi ankanena za kuwala ndi mthunzi monga zalembedwera m'mabuku, koma malemu ankangofunsa funso limodzi: "Munthuyu akadziona, akondwa?"

Anthu sanawamvetse msanga. Ena ankati mayi wamasiye wazungulira mutu. Ena ankati akufuna kukatigulitsa kunja. Pamsika wa pa boda anathamangitsidwapo kawiri. N'chifukwa chake kalabu inaika malamulo awiri amene alipo mpaka lero: usajambule munthu usanamupemphe, ndipo chithunzi chibwerere kwa mwini wake, kwaulere. Chaka chilichonse fodya akatha kuchigafa, ankakwera njinga kupita m'maesiteti kukajambula mabanja a matenanti, anthu ochokera kutali ngati ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Dedza, amene ambiri anali asanadzionepo papepala. Malemu ankanyamula chipeso, galasi, singano ndi ulusi. Akaona batani lathothoka, ankayamba kaye asoka, kujambula pambuyo. Ankati munthu asalowe m'chithunzi ndi umphawi wake wonse.

Pali nkhani imodzi imene a banja tagwirizana kuti isasiyidwe, ndipo eni ake atilola kuinena. Mu Meyi 2016 kalabu inajambula banja lina la matenanti la ku Phalombe, limene linali ndi mwana wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi, dzina lake Princess. Mu Seputembala kunabwera mayi wina wovala bwino, n'kulonjeza makolowo kuti akamuphunzitsa mwanayo sukulu ku Chipata. Atangopita naye, nambala ya foni imene anasiya inaleka kugwira. Apolisi anafunsa chithunzi cha mwana, koma chija anapatsidwa chinali chitadyedwa ndi chiswe. Mayi ake a Princess anayenda wapansi kuchokera ku esiteti mpaka pakhomo pano, nagwada pakhonde ilo akunena kuti, "A Nasakala, nkhope ya mwana wanga ili kwa inu nokha."

Malemu anasiya diresi la mwini wake lili pamakina. Tsiku lomwelo anasindikizitsa zithunzi 60. A Rabson anazigawa kwa madalaivala anzawo, ndipo zinayenda zitamatidwa pamagalasi a mathiraki. Mayi Esitele ankazionetsa tebulo ndi tebulo m'misika ya ku Chipata. Mwezi unatha, wachiwiri unathanso, osamva kanthu. Ena m'kalabu anayamba kutaya mtima, koma malemu ankawoloka boda Lachisanu lililonse. Mu Disembala, mayi wina wogulitsa tomato ku Katete, ku Zambia komweko, ataona chithunzicho anazindikira kamtsikana kamene kankadutsa pabenchi pake m'mawa uliwonse katasenza ndowa. Malemu anapita komweko pamodzi ndi mayi ake a mwanayo komanso apolisi a mbali zonse ziwiri. Anamupeza akugwira ntchito ya m'nyumba, atawonda, m'manja muli zilonda. Munthu wina anawauza kuti ajambule, popeza kamera inali m'khosi. Iwo anakana. Anati, "Nkhope iyi si yojambula lero." Anavula chitenje chawo n'kumufunditsa. Makolo ake atavomera, Princess anakulira pakhomo pano ngati mwana wobadwa, ndipo chaka chino walemba mayeso a Fomu 4.

Nkhaniyi itamveka, amene ankawathamangitsa aja anayamba kuwaitana. Kalabu inakula kufika anthu 23: alimi, anamwino, akabaza, osintha ndalama pa boda, ena ndi makamera, ena ndi mafoni chabe. Mu Julayi 2018 anachita chionetsero chawo choyamba mu holo ya parishi, ndipo matenanti anabwera pathirakitala kudzadziona ali pakhoma. Malemu anakhala wapampando wa kalabuyi kwa zaka 15. Kawiri konse anapempha kuti atule pansi udindo, koma anzawo anakana. Mumpingo anali wa bungwe la amayi komanso msungichuma wa mphakati wathu.

Matenda anayamba mu 2021 pamene anawapeza ndi shuga. Ankamwa mankhwala mokhulupirika, ndipo ntchito zawo zinkayenda. Koma mu 2023 maso anayamba kuchita chidima. Sanauze aliyense. Ulusi ankapempha Princess kuti awalowetsere m'singano, n'kumanamizira kutopa. Anayamba kuzindikira ndi anzawo a m'kalabu, chifukwa zithunzi zawo zinkatuluka zosaoneka bwino, chinthu chimene sichinkachitika. Loweruka lina, zithunzi zili pachingwe, malemu anayamikira chithunzi cha ng'ombe pamene chinali cha ngolo. A Levi akuti anatembenukira kukhoma kuti misozi yawo isaoneke, kuiwala kuti mwini wakeyo sakanaiona. Malemu ndiwo anayamba kulankhula. Anati, "Mwadziwa eti? Chabwino. Kuyambira lero muzindiuza zimene zili m'chithunzi, ine ndizikuuzani ngati chili chabwino." Ndipo zinkaterodi. Aliyense ankabwera kudzakhala pafupi nawo n'kufotokoza chithunzi chake, iwo n'kumafunsa kumene dzuwa linali, ndiponso ngati mwini chithunzi wapatsidwa kale lake.

Tinayenda nawo m'zipatala, pa Boma pano mpaka ku Lilongwe. Madokotala anayesetsa, koma kumayambiriro kwa chaka chino impso nazo zinayamba kufooka. Chimene chinkawalimbitsa mtima chinali ukwati wa mzime wawo Millicent. Maukwati a Wilson ndi Phoebe anajambula okha, ndipo ankanena kuti wa Millicent ajambulanso okha, zivute zitani. Diresi la ukwati analiyamba iwo, akuyeza ndi manja, ndipo Phoebe ndiye analimaliza. Ukwatiwo unalengezedwa katatu m'tchalitchi. Tsiku lake linali Loweruka likubwerali, pa 16 Ogasiti.

Pa 4 Ogasiti anagonekedwa m'chipatala pa Boma. Loweruka lapitali, pa 9, dzuwa litapendeka, anatuma uthenga kuti Millicent abwere ndi diresi, ndipo mayi Esitele abwere ndi kamera. Anamwino anatchinga makatani, Millicent n'kuvala. Malemu analisisita diresilo kuyambira m'khosi mpaka m'munsi, napeza ulusi umodzi wolendewera, n'kuudula ndi mano. Kenaka anati awakhazike tsonga. Anatenga kamera, ndipo mayi Esitele anawagwirizira zigongono. Malemu anafunsa kumene kunali windo, namuuza mwana wawo kuti atembenukire komweko. Anati, "Usalire, iwe. Mkwatibwi wolira sindijambula." Ndiye anadina.

Chithunzicho ndachiona. Chinapendekeka. Mukuoneka windo, katani, phewa la Millicent ndi theka la nkhope yake. Malemu anafunsa kuti, "Chatuluka bwanji?" Mayi Esitele, amene kwa zaka 15 sanawabisirepo chilema cha chithunzi chilichonse, anayankha kuti, "Chatuluka bwino, a Nasakala." Iwo anati, "Mumupatse mwini wake." Anapereka kamera, nagona. Kuyambira pamenepo sanalankhulenso zambiri. Lolemba pa 11 Ogasiti 2025, nthawi ili 9 koloko m'mawa, atalandira masakramenti a odwala, anatisiya ali ndi zaka 56.

Anamalira, matenti amene mwakhalamowa tinabwereka kuti tidzavinemo Loweruka. Nkhuni zimene zikuyaka kuseriko anatola ndi amayi a mphakati pokonzekera ukwati. Ambiri a inu makadi oitanira muli nawo m'nyumba zanu. Mwabweradi, koma si mmene tinakuitanirani.

Malemu asiya ana atatu, Wilson, Phoebe ndi Millicent, komanso Princess amene anamulera. Asiya adzukulu asanu, azing'ono awo awiri ndi alongo awo awiri. Asiyanso anthu 22 a Kalabu ya Tionane, amene aima kumanzere kwa bokosiko.

M'malo mwa banja la a Sakala ndi la a Kalipinde, ndithokoze madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mpaka mapeto. Tithokoze bambo mfumu, a kwaya, bungwe la amayi ndi mphakati wathu. Mafumu athu potipatsa malo kumanda. Adzukulu amene agwira ntchito kuyambira m'mawa. Ndi madalaivala a pa boda amene anaimitsa maulendo awo kuti anyamule anthu. Inu abale athu a m'maesiteti, amene mwayenda wapansi mtunda wonse uja, tilibe mawu okwanira. A m'kalabu, munasinthana kudikirira matenda ngati kuti ndi mayi anu okubalani, Mulungu akubwezereni. A banja la kuchimuna, amene munkayembekezera kulandira mkamwana sabata ino koma mwadzagona nafe pasiwa, zikomo potigwira dzanja. Za tsiku lina la ukwati tidzakambirana misozi ikauma.

Achemwali anga, a Nasakala, diresi lija Millicent walipinda, wati adzavala lomwelo. Koma podzalowa m'tchalitchi adzayang'ana kumene munkaima, ndipo sitikudziwa kuti tidzamuuza chiyani.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha. Mzimu wa mayi Tabeth Kalipinde uuse mumtendere.