Mlamba wa m'Chitsime cha ku Chilenje

Zaka zija amayi anu asanayambe n'komwe sukulu, ife tinkakhala kuseri kwa Chilenje m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ndipo mpopi wathu unali wa dzina chabe, chifukwa unkatha sabata yathunthu ukungotulutsa mphepo. Inu kuno ku Chelstone madzi akangosiya ola limodzi mumadandaula ngati kwagwa maliro, koma ife zigubu zinali zosachoka kumutu. Tsono poti ntchito yanga inali yokumba zitsime m'mafamu, ndinati agogo anu aakazi asamavutike mwamuna wawo ali ndi piki m'manja, ndipo ndinakumba changachanga kuseri kwa nyumba, pafupi ndithu ndi chimbudzi.

Iwe Dalitso, tayika kaye foniyo pansi, nkhaniyi ndi ya amayi ako.

Madzi ake, ana inu! Oyera mbee, ozizira ngati ochokera m'fuliji. Ife okumba zitsime tinali ndi kayezedwe kathu: ukatha kukumba umaponyamo mlamba wamoyo, ndipo ukafa umadziwa kuti madziwo ndi oipa, koma ukakhala moyo umauza anthu kuti tungani. Wangawo sunangokhala moyo ayi, unanenepa mpaka ndevu zake kutalika kuposa zanga. Msewu wonse unkatunga kwa ine Phiri, ndipo sindibisa, ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Ndiye kunabwera dzinja lina la mvula yosakata, matenda a kolera n'kulowa m'makomboni. Tiyanjane, amayi anuwa, anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, ndipo pofika masana maso anali atalowa m'kati, kamwana konse katafooka ngati nsanza yonyowa. Agogo anu anamubereka n'kuthamangira naye ku kiliniki, kumene anamuika madzi a m'mitsempha. Ine ndinatsala pakhomo ndikulalata kuti ndi mango a pamsika amenewo, chifukwa za chitsime changa sizinandibwerere n'komwe m'mutu.

M'mawa mwake kunafika mayi wina wa zaumoyo, Ba Mwansa, wamng'ono msinkhu, atavala magambutsu, atanyamula bokosi la mabotolo. Anatunga madzi pang'ono m'kabotolo, anayang'ana chimbudzi, anayang'ananso chitsime, n'kunena m'Chinyanja chawo cha m'tauni muno kuti, "Ba tate, manzi aya muleke kumwa."

Ndinapsa mtima. "Mayi, mwabadwa liti inu? Ine ndinayamba kukumba zitsime musanamere mano. Tasuzumirani umo muone nsomba ija mmene yanenepera."

Anasuzumiradi mwaulemu, koma anati, "Mlamba umankhala na mu matope, ba tate. Tuzilombo twa kolera simungatuone na maso." Anandifotokozera kuti mwala wa pansi pa dera lathu lija uli ndi mabowo ngati chulu, ndipo mvula ikachuluka zam'chimbudzi zimayenda m'mabowomo. Mabowo amenewo ndinkawadziwa bwino, piki yanga inali itawapeza kambirimbiri, koma ndinauma khosi poti wondiuzayo anali mwana wamkazi wa mabuku.

Sanakangane nane ayi. Anatenga ufa wobiriwira m'bokosi muja, anausungunula m'chidebe, n'kukathira m'chimbudzi ine ndikuona. "Mukaona vachilendo mu chitsime, mubwele muniuze," anatero, n'kumapita pakhomo lina.

Tsiku loyamba kunalibe kanthu ndipo ndinaseka. Lachiwirinso chimodzimodzi. Lachitatu, lomwe Tiyanjane ankatuluka m'chipatala, ndinaponya chidebe kuti mwana akapeze madzi m'nyumba, ndipo chinakwera ndi madzi obiriwira ngati msipu. Ndinasuzumira, mlamba wanga uli phee, ukusambira mokondwa m'zobiriwiramo. Ndinakhala pansi pamatope pomwepo. Kani zomwe tinkasiya m'chimbudzi n'zomwe ndinkamwetsa mwana wanga, ndi manja angawa! Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha, chifukwa bwenzi madzulo omwewo nditamupatsanso kapu ina.

Azimayi a mumsewu anafika ndi ndowa zawo monga mwa masiku onse, ndipo ndinaima kutsogolo kwa chitsime n'kuwabweza, ena akundinena kuti ndayamba umbombo. Ndinangowaonetsa chidebe chija, onse kukamwa yasa. Ndinatenga fosholo n'kukwirira ndekha chitsime chomwe chinanditengera milungu itatu kukumba. Mlamba ndinauvuula, koma agogo anu anakana kwamtuwagalu kuuika mumphika wawo.

Pambuyo pake a boma analamula kuti zitsime zosazama zonse zikwiriridwe, n'kuika mathanki a madzi othira kilorini, ndipo anthu anatukwana koopsa poganiza kuti a m'maofesi angolota. Koma ine ndinali nditaona kuti lamulo lija linachokera m'mabotolo a Ba Mwansa ndi anzawo, ndiye ndinkayenda nawo khomo ndi khomo, botolo la madzi obiriwira a m'chitsime changa chija lili m'manja.

Tsono dzulo ndinamva atate anu akung'ung'udza kuti chitsime chomwe aboola ndi makina apachi n'chozama, madzi ake ndi oyera, nanga kudikiriranji kuti akatswiri awayeze? Inunso mwatopa ndi madzi owiritsa, eti sakoma. Amayi anunso anatero tsiku lija atafika kunyumba kuchokera kuchipatala. Analavula madzi owiritsa, akuti akununkha utsi, n'kulirira a m'chitsime changa chija, ndipo kanali koyamba kuti ndimumane mwana wanga chinthu chomwe wandipempha akulira.

Pirirani masiku ochepawa, adzukulu anga, mpaka pepala la oyeza libwere, ndipo mukawauze atate anu mwaulemu kuti nanenso ndinkakhulupirira maso anga. Onani, si amayi anu awo akulowa pageti ndi katundu? Thamangani mukawalandire. Ndikanamvera mlamba uja, bwenzi pakhonde pano ndikulankhula ndekha.