Makiyi a Ofesi ya Pamsika

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1979, oyamba mwa ana anga atatu. Ine ndine mayi awo. Mbiriyi amayenera kuwerenga ndi amalume awo, koma ataona mmene mwakhalira pano, gulu lina uku, gulu lina uko, osapatsana ndi moni womwe, andibwezera pepala. Ndiwerenga ndekha. Inu amene mukunong'onezana kumbuyoko dikirani, nkhani yanuyo ndifikapo.

Sukulu anayamba mu 1986. Mutu anali nawo, koma mu 1995 bambo awo atatisiya, sukulu inathera mu Folomu 2. Anabwera kudzakhala nane pabenchi langa la tomato ndi anyezi. Malonda amenewo sanawayanje. Wogula akangodandaula pang'ono, iwo amatsitsa mtengo, ine mtima uli m'mwamba. Ndinawatumiza kwa telala wa mzere wakumtunda kuti akaphunzire kusoka, ndipo mu 1999 anagula makina awoawo.

Mu 2002 anakwatiwa ndi akamwini angawa, amene amayendetsa lole. Mulungu anawapatsa ana atatu.

Zaka zimenezo bungwe lathu la ochita malonda pamsika linali m'manja mwa a Butchala, amene akhala kutsogolo kuno. Sindikunyoza, ndikunena zimene tonse tikuzidziwa. Chisankho chinali choima pamzere kumbuyo kwa munthu amene ukumufuna, iwo akuona nkhope. Ukaima mzere wolakwika, mwezi usanathe benchi lako limapezeka pafupi ndi zimbudzi. Ndiye tonse tinkaima kumbuyo kwawo.

Mu 2014 malemu ndi anzawo ochepa anayamba kunena kuti bungwe likhale ndi malamulo olembedwa, omanga aliyense, wapampando yemwe. Anatukwanidwa, makasitomala ena anawathawa. Ine ndinawauza kuti malamulo sadyedwa, asoke madiresi. Sanandimvere. Mu 2015 malamulowo anawerengedwa mokweza pamsonkhano wa tonse, ndime ndi ndime, chifukwa ambirife kuwerenga kumativuta, ndipo tinawavomera. Wapampando alamulire zaka zitatu, kawiri basi. Milandu iweruzidwe ndi komiti ina imene wapampando salowamo. Voti ikhale yachinsinsi. Aliyense amapatsidwa chitsekerero chimodzi cha botolo, n'kulowa kuseri kwa katani, n'kuponya m'chidebe chimene pamatidwa chithunzi cha munthu wake. Pansi pa zidebezo malemu anayala tizidutswa ta nsalu ta kushopu kwawo, kuti amene ali kunja asamve kuti chagwera mbali iti.

Chisankho choyambacho anapambana ndi a Butchala omwewo. Anyamata a mbali ya malemu anafuna kugubuduza zidebe. Malemu anawaletsa, anati tiwerengenso aliyense akuona. Titawerenganso zinali zomwezo, ndipo anapita kukawagwira chanza a Butchala.

Mu 2018 malemu anapikisana ndi a Butchala ndipo anapambana. Anthu awo anati tsopano a Butchala akalaweko fungo la kuzimbudzi. Malemu anakana. Anati munthu akaluza chisankho waluza mpando, sanaluze malo ake ogulitsira, ndiponso pakamwa pake sipanatsekedwe. A Butchala anawatsutsa pamsonkhano uliwonse, ndipo nthawi yolankhula ankapatsidwa.

Mu 2020 komiti ya milandu inalamula kuti benchi langa lidulidwe, akuti linalowa m'njira ya mawilibala. Ndinapita kuofesi, kachipinda kaja ka pafupi ndi mpopi, ndinawauza malemu kuti mkaka wanga munayamwa ndinu, si komiti. Anandipatsa mpando, anandimvetsera mpaka mate anandiuma, kenako anati, “Amayi, ndikalowerera pa benchi lanu lero, mawa wina adzalowerera pa la mayi ake, ndipo sitidzamuletsa.” Benchi linadulidwa. Mpaka lero ndikuti silinatseke njira, koma linadulidwa.

Mu 2021 anasankhidwanso. Mu 2022 anayamba kutupa miyendo, madokotala anati ndi impso. Makina anasiya kupalasa, koma kumisonkhano ankapitabe, atakoloweka dzanja paphewa la amuna awo. Anagonekedwa m'chipatala mu Julaye chaka chino, ndipo anatisiya pa 14 Ogasiti 2023, ali ndi zaka 44, kutatsala chaka kuti atsike pampando.

Tsopano nkhani ija. Makiyi a ofesi ndinawapeza m'chikwama chawo kuchipatala, ndipo ali ndi ine. Dzulo, thupi lisanafike n'komwe pakhomo, kunabwera magulu awiri. Oyamba akuti makiyi apite kwa a Butchala, poti ofesi amaidziwa kale, agwirizire mpaka zinthu zitakhazikika. Zidzakhazikika liti, sananene. Achiwiri akuti mpando usachoke m'banja, akhalepo mlongo wa malemu, mwana wanga wamwamuna mmodzi yekhayo, wokonza mafoni uja, amalize chaka cha achemwali ake popanda chisankho. Akuti ndi ulemu kwa malemu. Gulu lililonse landiuza kuti makiyi akapita kwinako, loko aphwanya. Mwana wangayo naye wandiuza kuti ndikamuchititsa manyazi pagulu, pakhomo panga sadzapondanso.

Ndakhala pamsika kuyambira ambirinu musanabadwe, ndipo ndimadziwa munthu akamandigula motchipa. Nonse awiri mukufuna kutenga chinthu cha anthu mazana pamtengo wa chipepeso. Sinditsitsa. Tsiku lija malamulo akuwerengedwa ndinalipo, makutu anga ndi abwino. Anati wapampando akamwalira, mlembi asunge ofesi, ndipo chisankho chichitike miyezi iwiri isanathe. Za mlongo sindinamvemo, za amene analamulirapo kale sindinamvemo.

A mlembi, imirirani, bwerani mudzalandire makiyiwa anthu onse akuona. Mukapitirira miyezi iwiri, woyamba kukuimirani pakhomo ndine. A Butchala, malamulo akukulolani kuimanso kamodzi, kaimeni. Iwe mwana wanga, ukaufuna mpandowo ukapemphe kwa anthu monga anachitira achemwali ako. Ndikuika mwana mmodzi lero, sindikufuna kutaya wachiwiri, koma mpandowo si wanga woti ndikupatse. Anthu inu, ngati mwanayo wanyamuka, musamugwire, amve yekha mumtima mwake. Chitseko changa ndi chotsegula.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, mdzukulu mmodzi, mng'ono wawo, mlongo wawo, ndi ine mayi awo.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, a mpingo amene sanatisiye, amayi a mzere wa ndiwo zamasamba amene ankasinthana kudikirira odwala, ndi matelala anzawo amene anamaliza ntchito za makasitomala awo. Tikuthokozanso a Butchala, amene tsiku limene malemu anakomoka kushopu anasiya nyama pasikelo n'kuwathamangitsira kuchipatala pa galimoto yawo. Zimenezo ndathokoza ndi mtima wonse, ndipo sindidzaiwala, koma si voti.

Pitani bwino, mwana wanga. Mzimu wanu uuse mumtendere.