Mtedza Umene Ndinkagulitsa Pamsewu ku Kawama

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndikufuna ndikuuzeni za mwana wanga Masauso, amene anakwanitsa zaka ziwiri asanayambe kuyenda.

Migodi itagulitsidwa, bambo ake anachotsedwa ntchito ku Kitwe. Tinasamukira ku Kawama, ku Ndola, m'kachipinda kamodzi, ndipo iwo anapita kumalire a Kongo kukasaka ganyu. Anzanga a kumigodi anabalalika. Aneba atsopano ankalankhula Chibemba chothamanga, ine n'kumangomwetulira ngati ndamva. Masiku ena dzuwa linkalowa ndisanacheze ndi munthu wamkulu, kupatula wofunsa mtengo wa mtedza umene ndinkagulitsa pamsewu.

Kumigodi tonse tinkalera ana ndi tiyi wamkaka, buledi ndi mazira. Malipiro atatha, mkaka ndi mazira zinatha nawo, koma tiyi anatsala. Masauso ankamwa tiyi wopanda mkaka ndi kaphala kamadzimadzi, mimba n'kudzaza, ine n'kumati wadya. Ana a msinkhu wake ankathamangitsana, iye ali chikhalire pachitenje, timiyendo ngati tinkhuni, tsitsi litafiira. Apongozi atamuona anangoti, "Ndi mtundu wathu, tonse ndife aafupi." Koma ine mtima unkandiuza kuti mwanayu akundithawa m'manja. Kutchalitchi ndinkakhala pabenchi lakumbuyo, pemphero langa lili limodzi: Ambuye, nditumizireni munthu.

Munthuyo anabwera kudzagula mtedza. Anali Amai Zulu, amene ankaphunzitsa amayi za kadyetsedwe ka ana kuparishi. Anandipatsa moni m'Chinyanja cha kwathu ku Chipata, kenako anayang'ana pachitenje paja.

"Ali na zaka zingati uyu?"

"Two years."

"Nanga nshawa mugulitsa izi, iye amadyako?"

Ndinalira pamsewu pomwepo, maminibasi akudutsa.

Anandiitanira kugulu lawo, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi. Kumeneko ndinaphunzira kuphika phala lolimba, losagwa msanga pasupuni, lothira nsinjiro, tinsomba ta kapenta tosinja ndi masamba a chibwabwa. Anatiuza kuti mwana azikhala ndi mbale yakeyake, azidya kangapo patsiku, ndipo azipita kusikelo mwezi uliwonse. Amayi ena ankandiseka kuti ndinkagona ndi mankhwala kumutu osadziwa, mtedza wanga womwewo, inenso ndinaseka nawo, kuseka kumene ndinali nditakuiwala.

Patapita miyezi, Masauso anagwira mwendo wa tebulo langa la malonda, naimirira, n'kuyenda kubwera kwa ine. Bambo ake sanaone, anamva atabwerera.

Sindikunamizani, mochedwa muja china chinatayika. Masauso ndi wamfupi mpaka lero, ndipo mlongo wake wamng'ono, amene ndinamulera ndi zimene ndinaphunzira, anamupitirira msinkhu. Ndikawaona ataima pamodzi mtima umandipweteka, komabe ndimathokoza Mulungu poti onse ali moyo.

Mayi mnzanga amene uli wekha m'chipinda ndi mwana wosakula, usataye mtima ndipo usadikire. Mubereke kumsana, upite kumene amayi anzako akuphunzira. Dzina la Ambuye litamandike.